Felemu ya revolver yanga inawala ngati galasi, koma ndinali nditaiwononga

Felemu yoyamba yomwe ndinapukuta ndikadali nayo. Imakhala m'bokosi la zida, yokulungidwa m'kansalu, ndipo aliyense woiona koyamba amagoma nayo poti imawala ngati galasi. Koma ndikaimanga pa mfuti, cholakwika chimaonekera poyera. Pamwamba, pomwe imakumana ndi thupi la mfuti mbali zonse ziwiri za hamala (kachitsulo komenya chipolopolo), pali kampata koti chikhadabo chimalowa. Mabowo a masikuluwu anakumbika ngati timbale, ndipo matabwa a chogwirira amatulukira kunja n'kumakanda chikhatho. Zonsezi ndinazichita ndekha, tsiku limodzi lokha. Ndikulemba kuti wina yemwe wagwira kale sandipepa m'manja ayambe waima kaye.

Kwa amene sanatsegulepo mfuti yotere: revolver ya single action ndi ija yoti musanawombe chipolopolo chilichonse mumayamba mwakokera hamala kumbuyo ndi chala chachikulu. Kumunsi kwake kuli chitsulo chopindika chomwe chimayambira kutsogolo kwa trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera), n'kuizungulira ngati mphete, n'kutsika kukapanga chogwirira. Matabwa awiri aja amamangidwa pa chitsulo chimenechi, ndipo sipuling'i yaikulu ya hamala imabisala m'kati mwake. Okonza mfuti amati grip frame, ine ndimangoti felemu ya chogwirira. Ndi pomwe dzanja limakhala nthawi zonse, n'chifukwa chake mpomwe pamayamba kusuluka. Thukuta limadya pamenepo, mphete ya pachala imakanda pamenepo, chikopa cha holster (thumba lonyamulira mfuti) nacho chimakhuza pomwepo.

Yanga ndi Ruger Blackhawk ya .357 Magnum, ya mtundu wakale womwe anthu amautcha three-screw chifukwa cha masikuluwu atatu a m'mbali mwa thupi lake. Pa mfuti za single action, kampani ya Ruger inayamba ndi Single-Six ya .22 mu 1953, Blackhawk n'kubwera mu 1955, ndipo mtundu wakalewu unatha mu 1973 pomwe anatulutsa New Model. Ndinaigula kwa munthu yemwe anaigwiritsa ntchito zaka zambiri. Mpope unali woyera m'kati, silinda (chitsulo chozungulira chokhala ndi mabowo a zipolopolo) imatseka molimba, koma felemu inali ya mawangamawanga: kumsana kwake kukuda kunali kutatha, pa mphete ya trigger panali zipsera zozama ziwiri, ndipo pansi panali pobooka pang'ono ngati inagwera pa mwala. Ndinali nditaonapo zithunzi za mfuti zotere zokhala ndi felemu yoyera mbuu, yonyezimira pambali pa thupi lakuda, ndipo mtima unali pomwepo.

Chomwe ndikanayamba nacho ndi maginito. Mafelemu amenewa sali a chitsulo chimodzi, ndipo chilichonse chili ndi kagwiridwe kake. Colt Single Action Army ya 1873 ili ndi felemu ya chitsulo cholimba, ya zidutswa ziwiri: chakumsana ndi cha mphete ya trigger, zomangana ndi sikuluwu pansi. Ma Colt 1851 Navy ambiri, pamodzi ndi makope ake omwe Uberti ndi Pietta amapanga ku Italy, ali ndi felemu ya mkuwa wachikasu uja wotchedwa brass. Ruger inasankha njira ina: felemu ya chidutswa chimodzi, ya aluminiyamu wosungunula n'kuthira m'chikombole, kupatula Super Blackhawk ya 1959 yomwe inabwera ndi yachitsulo. Maginito akagwira, ndi chitsulo. Akakana, ndipo posuluka pakuoneka poyera, felemuyo n'kukhala yopepuka m'manja, ndi aluminiyamu. Kukuda kwa pa aluminiyamu wa mfuti zakalezi si penti, komanso si bluing, kudetsa chitsulo ndi mankhwala ngati kwa pa mpope. Ndi anodizing, khungu lopyapyala kwambiri koma lolimba lomwe amalimeretsa pa aluminiyamu ndi magetsi kenako n'kulinyika mu utoto wakuda. Khungulo ndi lolimba kuposa aluminiyamu wa pansi pake. Mfundo imeneyi ndi yomwe ine sindinaigwire, ndipo mavuto anga onse anachokera pamenepo.

Kumasula sikunandivute, koma ndinene mmene zimakhalira poti apanso anthu amalira. Zipolopolo zonse zituluke, zikakhale m'chipinda china. Onani m'mabowo onse asanu ndi limodzi kawiri, kenako chotsani silinda yeniyeniyo, ndiye matabwa a chogwirira. Pa Ruger, sipuling'i yaikulu imazungulira kachitsulo kokhala ndi kabowo kumunsi. Mukakokera hamala kumbuyo kabowoko kamaonekera, mumalowetsamo kamsomali, ndipo mukabweza hamala pang'onopang'ono sipuling'i imatsala yomangika. Musachotse kamsomaliko mpaka tsiku lobwezera, chifukwa sipuling'i imeneyo ikafwamphuka ingathe kukuvulazani diso. Felemu imagwiridwa ndi masikuluwu asanu: awiri kumbuyo pambali pa hamala, awiri pansi, imodzi kutsogolo kwa mphete ya trigger. Ndimaboola katoni n'kubaya sikuluwu iliyonse pamalo ofanana ndi pomwe yachokera. Sikuludiraiva ikhale ya okonza mfuti, ya nsonga yosasongoka yomwe imadzaza mpata wonse wa mutu wa sikuluwu. Ya wamba ija imaterereka n'kung'amba mutu. Ndipo pokoka felemu, kokani modekha pamwamba pa thaulo. Pali timasipuling'i tiwiri tokhala ndi timitu tachitsulo, kena kumbuyo kwa thupi la mfuti komwe kamakankha chala chozungulitsa silinda, kena m'felemu momwemo kumbuyo kwa trigger. Tikagwa pansi mumatha madzulo onse mukukwawa.

Kulakwa kwanga koyamba kunali pa mankhwala. Ndinamva kuti mankhwala opopera otsukira uvuni amachotsa anodizing, ndipo n'zoona, chifukwa muli kositiki soda. Chomwe sindinafunse n'chakuti kositiki soda sadziwa pomwe khungu lathera. Akamaliza khungu amapitirira kudya aluminiyamu yemwe. Ndinapopera felemu yonse, n'kuiika m'beseni, ndipo foni italira ndinachokapo. Pobwera patadutsa theka la ola, thovu linali lakuda bii. Nditatsuka, felemu inatuluka yotuwa ngati phulusa, yokhakhala ngati lilime la mphaka, ndipo malo aja omwe anali atasuluka kale anali atadyeka kuposa ena onse poti analibe chowateteza. Safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse.

Apa ndikanaima. Koma mtima unali utathamanga kale, ndiye ndinatenga sandipepa wokhakhala wa 180 (nambala ikamakwera, sandipepa amakhala wosalala), n'kumupinda pa chala, n'kuyamba kukwecha. Chala ndi chofewa. Chimalowa m'dzenje lililonse n'kulikulitsa, ndipo chikafika pa ngodya chimaizungulira. Pomwe anodizing inatsalira, sandipepa ankaterereka osaluma, pomwe panali aluminiyamu wosavala ankadya msanga, choncho m'malo mosalaza ndinkapanga timapiri ndi tizigwa. Nditatopa ndinapita ku makina opukutira a gudumu lansalu, ndikuganiza kuti gudumu lifafaniza zonse. Gudumu limawalitsa msanga zedi, moti m'mphindi zochepa ndinkadziona nkhope pa chitsulo. Koma nsalu yozungulira mothamanga imalowa m'bowo lililonse n'kukokolola m'mphepete mwake, ndipo ngodya iliyonse yakuthwa imaisandutsa yobulungira. Kamodzi gudumu linakola mphete ya trigger, n'kundilanda felemu m'manja, n'kuimenyetsa kukhoma. Mwayi wake sinandipeze kumaso.

Madzulo amenewo ndinaimanga pa mfuti ndili wosangalala, ndipo chisangalalo chinatha nditayendetsa chala pamwamba pa tinyanga tiwiri ta felemu ta pambali pa hamala.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa bambo ena achikulire omwe akhala akukonza mfuti kuyambira ine ndisanabadwe. Anaitembenuza kawiri pa kuwala kwa windo, n'kuyendetsa chikhadabo pa mzere wokumanira. "Mwana wanga, kuwalitsa aliyense angathe. Nanga ngodya zake wazisiya kuti?" Ndinafunsa kuti, "Bambo, palibe njira yoibwezera?" Anapukusa mutu. Anati chitsulo chomwe chapita ndi fumbi sichibwerera, ndipo kuwotcherera aluminiyamu wa m'chikombole pamalo opyapyala chotero kungangowonjezera mabala. Kenako anatenga mfuti ina yomwe inali pa tebulo lawo, anandigwiritsa, n'kundiuza kuti nditsinzine ndiyendetse chala kuchokera pa thupi kupita pa felemu. Sindinamve pomwe china chathera n'kuyambira chinzake. Anandifotokozera kuti mfuti yomangidwa bwino, felemu ndi thupi amazisalaza zili zomangana, choncho mzere umenewo ndi wa mfuti imeneyo yokha. Ukaupukuta felemu ili payokha popanda choteteza, waupha.

Ndinafunafuna felemu ina yogwiritsidwa kale ntchito. Apa pali msampha wina: mafelemu a Ruger akale ali mitundu iwiri. Oyambirira amatchedwa XR3, ndipo maonekedwe ake ndi oyandikana ndi a Colt. Cha m'ma 1962 ndi 1963 anasintha n'kupanga XR3-RED, yomwe ili ndi mpata wokulirapo kumbuyo kwa mphete ya trigger kuti chala chapakati chisamenyedwe mfuti ikakankha. Zilembozi zinadindidwa m'kati mwa felemu, mumaziona mukachotsa matabwa. Matabwa a mtundu umodzi sakhala bwino pa unzake, ndipo felemu ya New Model ili ndi malo ena a timasipuling'i. Yanga inali XR3-RED, ndipo ndinapeza inzake yosuluka koma ya ngodya zamoyo.

Ulendo wachiwiri unanditengera milungu iwiri, madzulo aliwonse ola limodzi kapena kuchepera. Ndisanagwire chilichonse ndinaimanga kaye pa mfuti kuti ndione pomwe ikutulukira ndi pomwe ikuchepa. Inali yotulukira pang'ono kumanzere, zomwe zinali zabwino, poti chotulukira chimachepetsedwa. Ndinamanganso matabwa n'kuona kuti m'mphepete mwake mukulingana ndi chitsulo. Pamenepo ndinadziikira malire. Pamwamba pa felemu, pomwe imagona pa thupi la mfuti, sipayenera kufika sandipepa ngakhale kamodzi. M'mbali momwe matabwa amagona, chimodzimodzi. Chopukutidwa ndi chokhacho chomwe diso limaona mfuti ikamangidwa.

Mankhwala aja ndinawagwiritsanso ntchito, koma mwaulemu. Ndinachitira panja, nditavala magolovesi ndi magalasi, chifukwa kositiki soda amawotcha khungu ndipo akamadya aluminiyamu amatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka. Kabowo ka sipuling'i ya trigger ndinakatseka ndi phula kuti kasakule. Ndinkapaka ndi kaburashi, kudikira mphindi ziwiri ndili chiimire pomwepo, kutsuka ndi madzi ambiri, kukwecha ndi kasiponji kokhakhala ka Scotch-Brite, n'kuona. Kanayi konse. Utoto utangosungunuka ndinasiya, n'kutsukuluza m'madzi osakaniza ndi viniga pang'ono kuti mphamvu ya soda ife, kenako madzi oyera. Ena sagwiritsa n'komwe mankhwala, amangopala ndi sandipepa, ndipo ndimawamvetsa. Kungoti pamafunika dzanja lodekha kwambiri chifukwa cha kusiyana kulimba kuja. Sitiliwulu pa aluminiyamu ayi: amasiya tizidutswa tachitsulo tomwe timadzachita dzimbiri n'kuthimbiriza ntchito yonse.

Tsono nazi zomwe zinasintha zonse, ndipo n'zazing'ono. Ndinadula kachitsulo kafulati, n'kuboola mabowo ofanana ndi a felemu, n'kukamangirira pamwamba paja pomwe felemu imakumana ndi thupi, kakutulukira pang'ono m'mbali. Sandipepa akafika kumapeto ankagunda kachitsuloko m'malo mozungulira ngodya. Pa tinyanga tiwiri tija ndinamata tepi kumaso kwake, ndipo ndinkatipukuta ndi kathabwa kokha. M'mabowo a masikuluwu ndinakhomamo timitengo tozungulira n'kutidula molingana ndi chitsulo, kuti sandipepa azidutsa pamwamba osagweramo. Ndipo sandipepa sanakhalenso pa chala. Pamalo afulati ankakulungidwa pa kathabwa kolimba kapena pa tupa yakale. M'kati mwa mphete ya trigger ankakulungidwa pa kamtengo kozungulira. Kumsana kopindika kuja ndinkadula sandipepa m'timizere topyapyala, kumata tepi kumbuyo kwake kuti asaduke, felemu ili m'vayisi pakati pa matabwa awiri ofewa, n'kumakoka uku ndi uku ngati wopolisha nsapato, koma osalola mzerewo kugwera m'mbali momwe matabwa amakhala.

Ndinayambira pa 320, osati 180. Aluminiyamu ndi wofewa, ndipo mikwingwirima ya sandipepa wokhakhala imalowa mozama moti kuichotsa kumadya chitsulo chochuluka kuposa chipsera chomwe mumafuna kuchotsa. Kuchoka apo 400, 600, 800, 1000, 1500 mpaka 2000, yense wa mtundu wonyowetsa, ndi madzi okhala ndi dontho la sopo kuti fumbi lisamatirire. Fumbi la aluminiyamu likaundana pa pepala limasanduka timiyala tomwe timakanda mwatsopano, choncho ndinkatsukuluza pafupipafupi. Nambala iliyonse ndinkasintha kolowera: 400 mopingasa, 600 motsata utali, 800 mopingasanso. Mukatero, mkwingwirima wotsala wa nambala yapita umaonekera chifukwa ukuyenda mosiyana ndi anzake, ndipo simupita patsogolo mpaka utatha. Njira ina yomwe bambo aja anandionetsa ndi kudetsa malo onse ndi maka wakuda musanayambe nambala yatsopano. Pomwe inki yatsalira, ndiye kuti pali dzenje kapena mkwingwirima. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yeniyeni ili pa 320 ndi 400. Manambala apamwambawo amathamanga okha ngati m'munsimu mwayenda bwino. Ngati simunayende bwino, 2000 amangowalitsa zolakwa zanu kuti zioneke bwinobwino.

Pa 600 ndinakumana ndi chinthu chomwe chinandiyesa mtima. Pansi pa mphete ya trigger panatuluka timaenje titatu tating'ono ngati nsonga ya singano. Chitsulo chilichonse chothiridwa m'chikombole chimatha kukhala ndi timatumba ta mpweya m'kati, ndipo khungu lakuda lija limatibisa. Dzanja linkafuna kubwerera ku 320 n'kutikumba mpaka tithe. Ndinayesa pang'ono pa kamodzi, ndipo m'malo mothera kanakula, poti kathumbako kanali kotambalala kumunsi. Ndinasiyira pomwepo. Tilipo mpaka lero, ndipo amationa ndi yekhayo amene ndamulozera. Pansi pa chogwirira cha felemu yachiwiriyi panalinso chipsera chozama, ndipo nachonso sindinachithamangitse mpaka kumapeto, ndinangochifewetsa m'mphepete.

Kuwalitsa komaliza ndinachita ndi manja: kansalu ka thonje kofewa ndi polishi wa Mothers Mag & Aluminum. Flitz ndi Simichrome amagwiranso bwino. Kansalu kamada bii, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Mumapaka pang'ono, kupukuta mpaka kuda, kutembenuza poyera, kupukutanso. Gudumu sindinaliyandikire. Sindikunena kuti gudumu ndi loipa. M'manja mwa munthu yemwe walizolowera zaka zambiri limachita zodabwitsa. Koma felemu imodzi si pophunzirira.

Pali zomwe zithunzi zija sizinandiuze. Aluminiyamu wosavala sakhala wowala. Mpweya umamuphimba ndi kakhungu kake kotuwa, thukuta limasiya zidindo za zala, ndipo masiku oyamba chikhatho chimada mukagwira nthawi yaitali. Ndi wofewanso kuposa mmene analili ndi anodizing, moti mphete ya pachala imamukanda tsiku loyamba lomwe. Ndimamupaka Renaissance Wax, phula lopyapyala lomwe osunga zinthu zakale m'nyumba zachionetsero amagwiritsa ntchito, ndipo pakapita miyezi ingapo ndimabwerezanso polishi pang'ono. Chinanso, kumsana kowala ngati galasi kumaterera dzanja likachita thukuta. Pa single action izi sizoipa kwenikweni, poti chogwirira chake chinapangidwa kuti chizigubuduka pang'ono m'dzanja mfuti ikakankha, koma ndi zipolopolo zamphamvu za .357 ndinkaona kuti ndikugwira mofinya kuposa kale. Patapita chaka ndinabweza kumsana kokha pa 800 n'kupukuta ndi Scotch-Brite wotuwa motsata utali. Kunakhala kuwala kofatsa, kosathobwa m'maso, ndipo zipsera zatsopano sizionekera msanga. Ndikanayambiranso lero, felemu yonse ndikanaisiya chotero.

Ngati mukufuna kuibwezera kukuda, dziwani kuti aluminiyamu salandira bluing. Mchere wotentha wa bluing, womwe umawira pa madigiri pafupifupi 140 Celsius, uli ndi kositiki soda yemweyo, ndipo felemu ya aluminiyamu ikalowamo imadyeka n'kuwononganso mcherewo. Aluminum Black wa Birchwood Casey amathandiza pobisa kachipsera, koma pa felemu yonse amatuluka wamawanga ndipo sachedwa kufufutika pomwe dzanja limagwira. Zokhalitsa ndi zokutira zopopera monga Cerakote, zomwe zimafuna kuti chitsulo chikhale chokhakhala pang'ono, osati chowala, kuti zigwire. Choncho sankhani musanayambe: ngati mathero ake ndi kukuda, kukwera mpaka 2000 n'kutaya nthawi. Kuchitanso anodizing n'kotheka kwa omwe ali ndi zipangizo zake, koma aluminiyamu wa m'chikombole satenga utoto mofanana nthawi zonse, ndiye funsani kaye ngati akuvomera kuigwira.

Kuchokera nthawi imeneyo ndagwirapo mafelemu ena ochepa. Wa mkuwa, pa kope la 1851 Navy, ndi womwe unandikomera kwambiri. Mkuwa umamvera sandipepa, sumata pepala ngati aluminiyamu, ndipo pa 1000 umayamba kale kuoneka ngati golide. Ngodya zake zimafa msanga chimodzimodzi, choncho kathabwa ndi timitengo ta m'mabowo n'zofunikabe. Umada pakapita milungu, ndipo ukasiyidwa m'chikopa nthawi yaitali umamera zobiriwira zija zomata. Ena amaupaka vanishi kuti usade, koma vanishi akayamba kusupuka pomwe dzanja limagwira amanyansa kuposa kuda kwachibadwa. Ine ndimangoupaka phula n'kuulola ukhwime mtundu wokha.

Chitsulo cholimba ndi nkhani ina. Chimafuna mphamvu ndi nthawi, koma chimakhululuka, poti sichidyeka mwangozi. Vuto lake n'lakuti simungachisiye chosavala: dzimbiri limagwira usiku umodzi, makamaka pomwe chala chakhudza. Njira yomwe munthu angaichite pakhomo ndi rust bluing. Mumasalaza mpaka 320 kapena 400 basi, chifukwa pa chitsulo chowala kwambiri mankhwala saluma bwino. Mumachotsa mafuta onse, osachigwiranso ndi manja osavala, kupaka mankhwala ochititsa dzimbiri mopyapyala, n'kuchipachika pamalo a chinyontho mpaka chitafiira. Kenako mumachiwiritsa m'madzi oyera opanda mchere, ndipo dzimbiri lofiira lija limasanduka lakuda. Mumapukuta fumbi la pamwamba ndi sitiliwulu wa 0000 wochotsedwa mafuta, n'kubwereza kangapo mpaka mtundu utakhuta, ndiye mafuta. Nthawi yoyamba kuona chitsulo chofiira chikutuluka m'madzi chili chakuda ndinaima kukamwa kuli yasa. Bluing wozizira wa m'kabotolo uja ngwa kachipsera, osati felemu yonse.

Ina ndinaikana. Mnzanga anabwera ndi Colt Single Action Army yakale yomwe anasiyiridwa ndi agogo ake, yotuwa ngati mwala wa kumtsinje, akufuna ndiiwalitse ngati yanga. Nditaitembenuza ndinaona nambala yake itadindidwa patatu: pansi pa thupi, pa chidutswa cha mphete ya trigger, ndi pansi pa chogwirira, zonse zofanana. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, iyi sandipepa asaiyandikire." Pa mfuti yotere kutuwa kuja ndiko chuma chake. Osonkhanitsa mfuti zakale amayang'ana ngodya, kuzama kwa zilembo ndi utoto woyambirira wotsalira m'makona, ndipo mfuti yopukutidwa imagwa mtengo kwambiri ngakhale iwale bwanji. Ma 1851 Navy enieni ambiri mkuwa wake unali wokutidwa ndi siliva, ndipo kasiliva kotsalira m'malo obisika kamapita ndi kupukuta kumodzi. Palinso za malamulo. Ku United States kufufuta kapena kusintha nambala ya mfuti ndi mlandu waukulu, ndipo maiko ambiri ali ndi lamulo lotero. Pa Blackhawk nambala ili pa thupi, osati pa felemu, choncho ndinalibe nkhawa. Koma pa mfuti iliyonse, yang'anani kaye pansi pa chogwirira ndi m'kati mwa matabwa, ndipo pomwe pali nambala kapena chidindo pasafike chokwechera chilichonse. Ngakhale Ruger zoyambirira zenizeni, za XR3 zomwe sizinasuluke kwambiri, zili ndi ozifuna. Ngati yanu ili choncho, sungani felemu yakeyo pambali mupukute ina yogula. Ya mnzangayo tinangoipukuta ndi kansalu ka mafuta, n'kupaka phula.

Pobwezera, tsukani polishi yense m'mabowo, makamaka ka sipuling'i ya trigger kaja, chifukwa polishi ndi mchenga wosalala ndipo akatsalira amadya zitsulo zoyenda. Timasipuling'i tiwiri tilowe mowongoka. Felemu ikakana kukhala pansi, musaikakamize ndi masikuluwu, pali kena komwe kapindika. Lowetsani masikuluwu onse asanu momasuka kaye, ndiye muwamange mosinthanasinthana. Kokerani hamala kumbuyo, chotsani kamsomali kaja. Musanaganize n'komwe za chipolopolo, yesani mfuti ili yopanda kanthu: hamala ya mtundu wakalewu imalira kanayi poikoka, pakati silinda izungulire momasuka, kumapeto itseke osagwedera, ndipo hamala isagwe mukaikankha ndi chala trigger musanaikhudze. China chikakhala chosiyana ndi mmene chinalili, pitani nayo kwa wokonza mfuti. Ndipo poti tikukamba za mfuti zakale: three-screw yosasinthidwa ndi Colt yakale zilibe chotchinga pakati pa hamala ndi chipolopolo, moti zikagwa zingathe kulira zokha. Zimanyamulidwa ndi zipolopolo zisanu, hamala itagona pa bowo lopanda kanthu. Mumalowetsa chimodzi, kudumpha bowo limodzi, kulowetsa zinayi, kukokera hamala mpaka kumapeto n'kuitsitsa modekha. Ruger imasintha ma three-screw ake kwaulere powaikira transfer bar, kachitsulo koteteza kuti mfuti isalire trigger isanakokedwe.

Felemu yoyamba ija inapeza ntchito yake. Ndikagula polishi watsopano, kapena ndikafuna kuona kuti sandipepa wa mtundu wina aluma bwanji, ndimayesera pa iyo kaye. Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga anabwera ndi Single-Six yosuluka, maso ali pa makina a gudumu aja. Ndinamupatsa felemu yakaleyo, kathabwa, maka wakuda ndi pepala la 400, n'kumuuza kuti adetse kumsana konse, ndipo akachotsa inki yonse popanda kukhudza tepi ya m'mbali, ndiye timasule yake. Wabwera kale madzulo atatu, ndipo dzulo tepi inatsala yosakandika mbali imodzi.